Mphindi Zitatu Ndili Chogwada

Pali chinthu chimene ndachibisa kwa chaka chathunthu, ndipo ngakhale amuna anga sakuchidziwa. Vidiyo ija imene inandipezetsa ntchito, imene anthu amandiyamikira nayo kuti ndinaima njo ngati munthu wosaopa kanthu, ndinaijambula nditagwada. Mphindi zitatu zonse mawondo anga anali pa simenti. Ndiponso sindinali ndekha monga ndinavomerezera pa fomu. Ndikulemba izi chifukwa nkhaniyi yayamba kundilanda chilakolako cha chakudya, ndipo ine ndikasiya kudya ndiye kuti zafika poipa.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi kanyumba ku Liwonde, chakuseri kwa njanji. Amuna anga ndi aphunzitsi, ndipo anali atawasamutsira ku Balaka. Ankabwera Lachisanu madzulo n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Ine ndinkatsala ndi mwana wathu wamkazi wa miyezi isanu ndi itatu, komanso satifiketi yanga ya za chitukuko cha m'midzi, imene inali chigonere m'sutikesi kunsi kwa bedi kwa zaka zitatu. Nthawi zina ndinkaitulutsa kuti ndione ngati chiswe sichinaiyambe. Ndine munthu wa nkhawa, ndinene zoona. Ndimatha kufika pamsika n'kubwerera kukaona ngati ndakiya chitseko chimene ndachikiya kale n'kuchigwedeza kawiri.

Mnzanga wina wa ku koleji ananditumizira uthenga pa foni wonena za mpikisano. Bungwe lina loona za atsikana ndi amayi achichepere linkafuna anthu atatu oti akaphunzire ntchito pa ofesi yawo ku Balaka kwa miyezi isanu ndi umodzi. M'malo mwa kalata yofunsira ntchito, ankafuna vidiyo ya mphindi zitatu, munthu akulankhula pa mutu woti mtsikana asamaope kulankhula pamaso pa akuluakulu. Nditaona mawu oti Balaka ndinauwerenganso uthengawo kawiri. Ntchito, komanso kukhala nyumba imodzi ndi amuna anga sabata yonse, osati kumangowaona ngati alendo obwera kudzachapitsa zovala.

Malamulo anali anayi. Vidiyo isadulidwe pakati. Wolankhula aimirire, aoneke kuyambira m'chiuno kukafika kumutu. Ayang'ane mu kamera. Ndipo pasakhale womuthandiza, adzijambule yekha, akuti n'cholinga choti aone ngati munthu angadzidalire. Tsiku lomaliza linali Lachinayi, faivi koloko madzulo. Sindinauze aliyense, ngakhale amuna anga, poopa kuti ndikalephera anthu azidzandifunsa kuti zija zili pati mpaka mwana adzayambe sukulu.

Tsoka lake, sabata yomweyo apongozi anga onse awiri anali pakhomo. Anachokera ku Chikweo chifukwa apongozi aamuna anadzitema ndi khasu pamwendo, chilonda chinakula, ndipo kuchipatala anati azibwera m'mawa uliwonse kudzatsukitsa. Lolemba kunabwera uthenga wa maliro kumudzi. Apongozi aakazi anamanga kachikwama kawo n'kunyamuka, kutisiya atatu: ine, khanda, ndi bambo amene chikwatiwireni sindinawayang'anepo m'maso.

Musaganize kuti ndi munthu wovuta, iyayi. Ndi bambo ofatsa, mkulu wa mpingo kwawo, amavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Koma mmene anandilerera ine, ndi mmene anawalerera iwo, mkazi saima pamaso pa apongozi ake aamuna n'kumalankhula. Umagwada chapatali, nkhope kumbali, mawu pansi. Iwonso amandichitira manyazi chimodzimodzi. Apongozi aakazi akakhalapo, uthenga unkadzera mwa iwo. Atachoka, tinayamba kulankhulana kudzera mwa mwana. Iwo ankayang'ana khandalo lili pamphasa n'kunena kuti, "Iwe, uwauze amako kuti tiyi wafika bwino." Ine ndili kukhomo ndinkayang'ana khanda lomwelo n'kuliuza kuti liwauze agogo ake kuti madzi ali kubafa. Mwanayo ankangoyamwa chala chake chakuphazi. Koma uthenga unkafika, palibe tsiku limene madzi anazizira.

Lachiwiri ndinayamba kujambula kuchipinda. Ndinavundikira ndowa pampando, n'kuika foni pamwamba pake, yotsamira ku botolo la mafuta odzola. Chipinda chathu chinali ndi kawindo kamodzi, neti pamwamba, ndi khoma lodzaza madontho a udzudzu umene tinaupha chaka chonse. Komanso ndinkanong'ona kuti apongozi asamve. Nditaionera vidiyoyo, ndinaona mkazi mumdima akunong'oneza anthu kuti asamaope. Ndinaifufuta.

Ndinasamukira kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali kuwala kokwanira koma kunalinso njira yopita kuchigayo. Kwathu kuno munthu sangakudutse osakupatsa moni, ndipo iwe sungamusiye osamuyankha. Ndili ndi vidiyo ina imene sindinaifufute mpaka lero, mmene ndikumveka ndikuti mtsikana wa lero sayenera, ndaswera bwino kaya inu amayi, sayenera kuopa, eya mwana ali bwino, sayenera kuopa munthu. Mayi wina anatula thumba la chimanga n'kuima pambali panga mwaulemu, mutu atazyolika, kudikira kuti ndimalize. Ankaganiza kuti ndikupemphera. Nditasiya anati ameni n'kusenza thumba lake.

Ndinayesanso kubafa. Kumeneko moni kunalibe, koma nkhuku ya aneba inalowa n'kujompha foni, ndipo ndinaigwira itatsala pang'ono kugwera m'beseni.

Vuto lalikulu linali chigayocho. Chinkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo mu vidiyo iliyonse mawu anga ankamveka ngati ndikulankhula ndili m'kati mwa thumba la mgaiwa. Chinkasiya pokhapokha magetsi akathima. Ine amene ndinkadandaula tsiku ndi tsiku za kuthimathima kwa magetsi, ndinayamba kupempherera kuti athime. Lachitatu lonse sanathime ngakhale kamphindi, chinthu chimene sichinachitikepo chisamukireni m'nyumba imeneyo.

Malo abwino m'nyumba monse anali amodzi: pabalaza. Khoma lake linali lopaka laimu, loyera, moyang'anizana ndi chitseko, moti ukatsekula kuwala kunkagwera pomwepo. Ndipo pomwepo ndi pamene apongozi ankakhala, pampando wandalema, mwendo wa bandeji atausanjika pa kampando, kuyambira pobwera kuchipatala mpaka madzulo. Ndikanawauza kuti chiyani? Kuti atuluke padzuwa ndi chilonda chawo, ine ndikufuna kukalipira foni?

Lachinayi chakumasana magetsi anathima. Chigayo chinati zii. Foni inali ndi moto wochepa, chifukwa m'mawa wonse ndinali ndikuonera mavidiyo anga olephera m'malo moitchaja. Ndinavala bulauzi yanga yoyera, siketi yakuda, ndi nsapato za gogoda zimene ndinavala tsiku lolandira satifiketi. Kenako ndinaima pakhomo la kuchipinda, foni m'manja, osadziwa kolowera, misozi n'kuyamba yokha.

Apongozi anatsokomola pang'ono n'kuyang'ana mwana.

"Iwe, tawafunsa amako. Masiku atatu ano akukangana ndi ndani kuseri kwa nyumba? Ngati ndi mwana wanga pa foni, anene, ndimudzudzule."

Ndinagwada pomwepo n'kulifotokozera khandalo zonse. Za mpikisano, za Balaka, za satifiketi, za chigayo, za khoma. Ndinaliwerengera malamulo onse anayi, khanda la miyezi isanu ndi itatu, likundiyang'ana dovu lili chuchuchu. Apongozi anamvetsera osandidula. Nditamaliza anauza mwanayo kuti amake ajambulire pompo pabalazapo, iwo atsinzina.

Ndinabweretsa ndowa ndi botolo lija. Foni inatsetsereka. Ndinaiimikanso, inagwa chafufumimba. Kachitatu inajambula denga. Apongozi, amene anati atsinzina, anatambasula dzanja n'kuuza mwana kuti foniyo ibwere kwa iwo. Anati manja awo anagwira sikelo pamsika wa thonje zaka zambiri, sanjenjemera. Ine ndinakumbutsa mwanayo za lamulo lachinayi lija, loti pasakhale wothandiza. Analisinkhasinkha lamulolo ngati nkhani ya kumpingo.

"Uwauze amako kuti ine sindikuthandiza. Ndangolowa m'malo mwa ndowa. Kodi ndowa ija akanailemba kuti inathandiza?"

Ndinawapatsa foni ndi manja awiri, nditayang'ana kumbali.

Ndiye ndinaimirira kukhoma kuja. Abale, sindikudziwa ngati mungandimvetse. Ine pa nsapato za gogoda, ndatalika ngati mlongoti, apongozi ali pansi pampando wandalema, ine n'kumawayang'anira pamwamba ngati ndikuwafunsa mlandu. Thupi lonse linakana. Iwonso anauza mwana kuti pa foni pakuoneka mphuno ndi malata basi, poti foni inali m'munsi, ndipo iwo sakanatha kuimirira ndi mwendo uja. Sindinaganize n'komwe. Mawondo anangopinda okha monga anazolowera, ndinapezeka ndagwada, msana uli chilili. Apongozi anasuzumira pa foni n'kuuza mwana kuti apa ndiye amake akwana bwino, kuyambira m'chiuno mpaka kumutu, monga lamulo likunenera. Theka la lamulolo tinalisunga. Theka linalo linapita.

Kunatsala koyang'ana. Kamera inali patsogolo penipeni pa nkhope yawo, moti kuyang'ana mu kamera kunali kuwayang'ana iwo m'maso. Titayesa koyamba, ine ndinalankhula ndikuyang'ana chitseko. Iwonso, pochita manyazi, anatembenuzira nkhope kumbali, manja n'kutsatira nkhopeyo pang'onopang'ono. Titaionera, vidiyoyo inayamba ndi khutu langa n'kuthera pa mwana akudya ngodya ya mphasa.

Anaganiza njira ndi iwo. Anauza mwana kuti awabwereke chitenje chake. Chinali chitenje choberekera, cha maluwa achikasu, chonunkha mkaka. Anakhazika zigongono pa mikono ya mpando, foni ili m'manja, ine n'kuwaponyera chitenjecho kumutu ndili chapatali. Chinawaphimba mpaka m'mapewa. Kunja kunangotsala manja awiri ndi foni. Poti tsopano sankaona kanthu, ine ndinkasuzumira n'kumauza mwana kuti agogo akweze pang'ono, apendekere kumanzere, basi pomwepo asasunthe. Ndinadina poyambira n'kuthamanga chogwada kubwerera kukhoma.

Ndinapuma mpweya n'kuyamba monga ndinalembera: "Ndikupatsani moni nonse amene mukundionera."

M'chitenje muja munatuluka mawu: "Zikomo, tili bwino, kaya inu apongozi."

Aka kanali koyamba chikwatiwireni kuti andilankhule ine mwini, osadzera mwa munthu. Ndipo anandionongera vidiyo.

Tinayambiranso. Ulendo uno moni anaupirira, ndinangomva mpando ukulira. Koma nditangonena chiganizo choyamba, chitenje chinati, "Eya." Chachiwiri, "Zoona." Nditafika poti atsikana ambiri amadziwa yankho koma amangokhala chete, chinati, "N'zimenezotu." Ndinaimitsa. Ndinapempha mwana, mwaulemu wonse, kuti awauze agogo kuti ndowa siyankha. Iwo anadandaulira mwana yemweyo kuti akuyesetsa, koma pakamwa pakungotseguka pokha. Anati munthu wolankhula popanda womuvomera amaoneka ngati wazungulira mutu, ndipo iwo sangalole kuti mkazi wa mwana wawo aoneke chomwecho iwo ali pomwepo.

Foni inalira kuchenjeza kuti moto watsala pang'ono. Pamenepo apongozi anapempha madzi. Ndinaganiza kuti ali ndi ludzu. Ndinawapatsira kapu kunsi kwa chitenje, ndipo ndinamva akupapira, koma sindinamve akumeza. Dzanja linabweza kapu n'kundikodola kuti ndiyambe. Anali atadzaza madzi m'kamwa kuti pasatuluke liwu.

Umu ndi mmene vidiyo ija inajambulidwira. Mkazi atagwada pa simenti atavala nsapato za gogoda zosaoneka, akulankhula kwa chitenje cha maluwa achikasu, m'kati mwake muli mkulu wa mpingo masaya ali tutumu ndi madzi. Chapakati mwana anakwawa n'kudzagwira chidendene cha nsapato yanga, n'kuyamba kuchiluma. Sindinagwedezeke. Ndinanena kuti ife atsikana anatiphunzitsa kuyang'ana pansi, ndipo pansipo tapayang'ana mokwanira, tikudziwa nyerere zonse za m'mudzi mwathu. Ndinanena kuti ulemu ndi mantha si chinthu chimodzi. Chodabwitsa n'choti sindinaope. Mawu ankangobwera, mwina chifukwa mawondo anali pamalo pake ndipo panalibe maso ondiyang'ana. Nditati zikomo pomaliza, m'chitenje munamveka kuti gudyu. Mukaionera vidiyoyo mutakweza mawu, kumapeto kwenikweni mudzamva. Pasanathe mphindi ziwiri magetsi anayaka, chigayo n'kuyambiranso.

Apongozi anavula chitenje thukuta lili kamukamu, jekete itanyowa m'khosi. Anapukuta nkhope n'kuyang'ana mdzukulu wawo.

"Uwauze amako kuti zimenezi zisakafike ku Chikweo."

Ndinauza mwanayo kuti sizidzafika kulikonse. Ndinatchaja foni pang'ono n'kupita kumsewu kumene netiweki imagwira bwino. Pa fomu panali kabokosi koti munthu adinepo kutsimikiza kuti watsatira malamulo onse. Chala changa chinaima pamwamba pa kabokosiko mpaka minibasi zitatu zinadutsa, makondakitala akundifunsa ngati ndikupita. Kenako ndinadina.

Patapita masabata awiri anandiimbira kuti ndili m'gulu la anthu khumi oti akalankhule pamaso pa majaji ku Balaka. Apa ndi pamene ndinawauza amuna anga. Anasangalala, anaionera vidiyoyo katatu, n'kundifunsa kuti anandijambula ndani bwino chonchi. Ndinati ndinagwiritsa ntchito ndowa. Apongozi anali pomwepo akumwa tiyi. Anagwedeza mutu kuvomereza, n'kuuza mwana kuti ndowa za masiku ano n'zolimba.

Tsiku lopita, apongozi aamuna anati mwendo wapepuka ndipo akufuna akaone kumene mwana wawo amagwira ntchito. Apongozi aakazi, amene anali atabwerako kumaliro, anabereka mwana. Tinakwera minibasi tonse. Ine njira yonse ndinkabwereza mawu anga chamumtima, ndikuyang'ana nsapato.

Mu holo anayamba ndi kuonetsa mavidiyo athu pakhoma. Ife khumi anatikhazika pa benchi imodzi. Pambali panga panali mtsikana wina wamtali, wa konko ku Balaka, amene amaphunzitsa ana a mkombaphala mongodzipereka. Vidiyo yake inali yopendekeka, poti foni anaimangirira kumtengo ndi mphira, mphepo ikuwomba, mbuzi zikudutsa kumbuyo. Koma anali ataimirira ndithu, mapazi ake ankaoneka, ndipo zimene ankanena zinali zanzeru kuposa zanga. Itafika yanga, nkhope yanga inadzaza khoma lonse. Pamenepo ndi pamene ndinaona chinthu chimene pa foni sindinachione. Pamwamba pa mutu wanga, pakhoma loyera lija, panali siwichi ya magetsi.

Mtsikana uja anandigunyuza n'kunong'ona: "Asisi, siwichi ya kwanu ili pamwamba bwanji?"

"Amene anamanga nyumbayo anali aatali," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kunena kuti amisiri a masiku ano saganizira anzawo.

Mmodzi wa majaji, mayi wa magalasi, anaimitsa vidiyo yanga n'kuuza anthu kuti aone kaimidwe. Anati enawa akulankhula amavinavina, mwendo uku mwendo uku, koma uyu waima ngati anamukhomera pansi, mapewa osagwedera. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinkadziwa kuti munthu wogwada savinavina, alibe poti avinire.

Kenako anayamba kutiitana mmodzimmodzi kuti tikalankhule pamaso. Mtsikana uja analankhula bwino kwambiri, moti ine ndinaombera m'manja mpaka kuwawa. Dzina langa litatchulidwa ndinakwera pa nsanja, anandipatsa maiki. Nditakweza maso ndinaona mzere wakutsogolo wonse ndi akuluakulu, azibambo a majekete, amayi a maduku aakulu, onse akundiyang'ana. Mzere wachiwiri, pakati penipeni, apongozi anga aamuna, nawonso maso ali pa ine poti analibe kwina koyang'ana. Mawondo anayamba kupinda. Ndinawamva ndithu akutsika okha. Ndinawaumitsa, ndiye mawu anathawa. Ndinayang'ana pansi. Mu holo munati zii, wina anatsokomola, mwana wanga analira pang'ono kumsana kwa agogo ake. Mumtima ndinati basi, Balaka wapita, ndibwerere kukayang'anira chiswe.

Ndikuyang'ana pansi chomwecho, ndinaona chakumbali kwa diso chinthu chikusuntha. Apongozi ankavula jekete. Chikwatiwireni ndinali ndisanawaonepo opanda jekete. Anaikutumula bwinobwino n'kudzifunditsa kumutu, n'kukhala phee, manja pa mawondo. Apongozi aakazi anawagunyuza. Amuna anga anawerama kufunsa ngati akumva chizungulire. Mayi wina wa bungwelo anathamanga ndi botolo la madzi, koma dzanja linatuluka m'jekete n'kumubweza. Ndikanakonda akanalandira madziwo.

Ndinayang'ana jeketeyo, miyendo n'kulimba. Ndinati ndikupatsani moni nonse.

"Tili bwino, kaya inu apongozi," inatero jekete, momveka holo yonse.

Anthu anaseka, koma ine ndinali nditayamba kale ndipo sindikanaima. Ndikanena chiganizo, jekete inkati eya. Ndikanena china, zoona. Posakhalitsa amayi a kumbuyo anayamba kuvomera nawo, kenako holo yonse, ngati kutchalitchi. Pa nyerere paja wina analuluta. Ndinamaliza mphindi zitatu zonse ndili choimirira, ndipo kameneko kokha ndi kamene ndinganene mosanama.

Ndinakhala wachitatu. Mtsikana wamtali uja anakhala wachinayi, ndipo malo anali atatu. Mayi wa magalasi uja ananena poyera kuti pa kulankhula kwa tsiku limenelo mtsikanayo anandiposa, koma mamalikisi a vidiyo ndi amene anatisiyanitsa, poti yake inali yopendekeka ndipo iye ankasunthasuntha. Titatuluka anabwera kudzandikumbatira. Anandipempha kuti tsiku lina ndidzamuphunzitse kaikidwe ka foni pa ndowa. Ndinati chabwino.

Pobwerera amuna anga anawafunsa bambo awo za jekete ija. Anayankha kuti magetsi a mu holo amawathobwa m'maso. Nkhani inathera pomwepo.

Miyezi isanu ndi umodzi itatha anandilemba ntchito yokhazikika. Tsopano tikukhala ku Balaka tonse atatu, mwana akuyenda ndipo akulankhula, mwina mopitirira. Satifiketi ndinaiika mu felemu. Ntchito ndimaigwira ndi mtima wonse, ndimafika woyamba, ndipo palibe anadandaulapo za ine. Ndikanatha kungokhala chete moyo wanga wonse.

Koma mpikisano uja wabweranso. Abwana anga, amene ndi mayi wa magalasi yemwe uja, andiuza kuti sabata yamawa ndikaphunzitse atsikana ofuna kulowa nawo mmene munthu amaimira pamaso pa kamera. Akuti tidzaonetsa vidiyo yanga pakhoma, tidzaimitsa pakati, ine n'kumaloza ndi kandodo mapewa anga. Dzulo andipatsa mndandanda wa amene adzabwere. Mtsikana wamtali uja ali pa nambala yachiwiri. Ndikumudziwa, adzakhala kutsogolo ndi kope, ndipo siwichi ija ikadali pomwe inali.

Mwezi watha, nkhani ya maphunziroyi itangoyamba kumveka, tinapita ku Chikweo kukaona makolo. Ndinadikira mpaka amuna anga ndi amayi awo atapita kumunda wa chinangwa. Apongozi anali pakhonde, jekete ili pathupi. Ndinagwada chapatali n'kuuza mwana kuti awafunse agogo ngati ndingathe kuwauza abwana anga zoona zake za tsiku lija. Vuto n'loti mwanayu tsopano uthenga amauperekadi. Anathamanga n'kukakuwa m'khutu mwawo kuti amama akuti zoona. Apongozi anamunyamula n'kumukhazika pamwendo umene unapola uja. Kenako anayang'ana kumsewu.

"Uwauze amako kuti ine sindinaone kanthu. Ndinali nditafunda."

Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa mwezi wonse, ndipo sindikudziwa ngati anandimasula kapena anandimanga. Ndikaulula, mwina ntchito ithera pomwepo, tibwerere kumene tinachoka, ndipo nkhani ya mkulu wa mpingo wofunda chitenje cha khanda idzafika ku Chikweo ine ndisanafike. Ndikapanda kuulula, Lachiwiri likubwerali ndidzaima ndi kandodo n'kumaphunzitsa mtsikana amene anaimadi mmene angaimire ngati ine.

Nthawi zina ndimadziuza kuti mu holo muja ndinaima ndithu, anthu onse anaona. Nthawi zina ndimakumbuka kabokosi kaja ndi minibasi zitatu zija. Pano ndalemba popanda dzina la munthu, ndiye lonjezo langa kwa apongozi sindikudziwa ngati ndalisunga kapena ndaliboola pang'ono.

Ndiye ndikufunseni inu amene mwawerenga mpaka apa. Pogwada paja, ndinalakwa? Podina kabokosi kaja, nanga? Ndipo mtsikana uja akadzakweza dzanja Lachiwiri n'kufunsanso za siwichi, mukanakhala inu mukanamuyankha kuti chiyani?